Mwapeza ntchito ya uphunzitsi ku Dubai: nyumba muyifune kuti, ndipo musaine liti?

Funso lachokera kwa mayi wina amene waphunzitsa masamu kwa zaka 9 pasukulu ya sekondale ku Zomba. Wapeza ntchito pasukulu yomwe si yaboma, yotsata maphunziro a ku Britain, m'dera la Al Barsha South ku Dubai, m'dziko la United Arab Emirates, ndipo akuyembekezeka kuyamba kumapeto kwa Ogasiti. Sukuluyo yamuuza kuti asankhe pakati pa kukhala m'fulati ya sukulu pamodzi ndi mphunzitsi mnzake, kapena kulandira alawansi ya ma dirham (ndalama ya kumeneko) 50,000 pachaka n'kudzipezera yekha pokhala. Msuweni wake, amene amakapikula katundu ku Deira, dera lina la Dubai, wamulangiza kuti atenge ndalamazo n'kukachita lendi ku Sharjah, mzinda woyandikana ndi Dubai, komwe nyumba n'zotsika mtengo, ndipo munthu wina wa pa Facebook wamutumizira kale zithunzi za chipinda, akuti atumize dipoziti msanga ena asanachitenge. Mayiyu akufunanso kuti amuna ake ndi mwana wawo wa zaka 7 adzamutsatire chaka chamawa, ndiye akufunsa kuti asankhe chiti.

Aphunzitsi, ndiyambe ndi nkhani ya dipozitiyo chifukwa ndi imene ikufunika yankho lero lomwe: musatumize ndalama iliyonse. Ngakhale munthuyo atakhala wachilungamo, inu simungathe kuchita lendi yovomerezeka ku Dubai muli ku Zomba, chifukwa mgwirizano wa lendi umayenera kulembetsedwa ku boma kudzera mu ndondomeko yotchedwa Ejari, ndipo pamafunika viza yanu yokhalira m'dzikomo, chitupa cha Emirates ID, komanso akaunti ya kubanki yokhala ndi buku la macheke. Zonsezi zimatuluka mutafika kale, mutayezedwa magazi ndi chifuwa, n'kudinda zala, ndipo zimatenga masabata angapo. Munthu amene akukufulumizitsani kulipira musanaone khomo la nyumbayo ndi maso anu mwina akugulitsa zithunzi za nyumba ya eni ake, kapena akukupatsani kachipinda kogawidwa ndi matabwa mkati mwa fulati ya munthu wina, kamene kumeneko amati partition. Lamulo la lendi la ku Dubai, la nambala 26 la chaka cha 2007, sililola wochita lendi kubwereketsanso nyumba kwa wina popanda chilolezo cholembedwa cha mwini wake, ndipo akuluakulu a mzinda amachotsa anthu m'tizipinda totere chifukwa cha ngozi ya moto. Tsiku limene adzabwere, inu mudzakhala mulibe pepala lililonse lokhala ndi dzina lanu loti mukadandaule nalo.

Pa funso lalikululo, maganizo anga ndi akuti chaka choyamba, kapena teremu yoyamba yokha ngati sukulu ingalole, mukhale m'fulati ya sukulu. Ndikudziwa kuti kwa mayi wapabanja, amene ali ndi khomo lakelake kumudzi kuno, kugawana khitchini ndi mlendo si chinthu chokoma, ndipo mwina mnzanuyo adzadabwa ndi fungo la usipa monga mmene inu mudzadabwire ndi zophika zake. Komabe taganizirani ndalama zimene zimafunika musanagone usiku woyamba m'nyumba ya lendi. Tiyerekeze kuti mwapeza fulati ya chipinda chimodzi ya ma dirham 60,000 pachaka, ndipo nambalayi ndangoyisankha kuti masamu ayende bwino. Ku Dubai lendi amaiwerengera pachaka, ndipo mwambo wake ndi wakuti mumapereka macheke olembedwa madeti a m'tsogolo, kawirikawiri limodzi, awiri kapena anayi, onse pa tsiku losaina. Mwini nyumba akavomera macheke anayi, loyamba ndi la 15,000 ndipo amakalitapa nthawi yomweyo. Dipoziti imakhala 5 peresenti ya lendi ya pachaka ngati nyumbayo ilibe katundu, kutanthauza 3,000, ndipo imafika 10 peresenti ngati muli mipando ndi bedi. Ejenti, munthu wokupezerani nyumba, amatenganso 5 peresenti yake, kuwonjezera msonkho wa VAT. Bungwe la magetsi ndi madzi la DEWA limafuna dipoziti ya 2,000 pa fulati, ndipo kulembetsa Ejari kumadya ma dirham pafupifupi 200. Mwadutsa kale 23,000 musanagule matilesi, firiji kapena mphika. Ndalama ya dirham inamangiriridwa ku dola ya ku America pa mtengo wa 3.6725, choncho tikunena madola oposa 6,000, ndipo mukudziwa nokha mmene kupeza ndalama zakunja zochuluka chonchi kulili kovuta ku Malawi. Sukulu zambiri zimapereka alawansi pang'onopang'ono pamodzi ndi malipiro a pamwezi, osati yonse pakamodzi, ndiye funsani zimenezi mwa kalata musanasankhe.

Palinso nkhani ya nthawi yoyesedwa pantchito, imene malamulo a ntchito a dzikolo amalola kuti ifike miyezi 6. Mukasaina lendi ya chaka chathunthu mu Seputembala, kenako mu Disembala zinthu n'kusokonekera pakati pa inu ndi sukulu, macheke anu atsala m'manja mwa mwini nyumba. Migwirizano yambiri imalemba chilango cha lendi ya miyezi iwiri kwa wotuluka nthawi isanakwane, ndipo ina siyinena chilichonse, zomwe zimapatsa mwini nyumba mphamvu yofuna ndalama zonse zotsala. Kuyambira mu Januwale 2022, cheke chobwerera chifukwa chosowa ndalama sichikhalanso mlandu wa upandu nthawi zambiri, koma mwini wake angathe kupita nacho kukhoti kuti akulipiritseni mwachindunji, ndipo nkhani zotere zimatha kufika poletsedwa kutuluka m'dzikomo. M'fulati ya sukulu mulibe chiopsezo chimenechi, ngakhale muyenera kukumbukira kuti ntchito ikatha, pokhala pathanso, choncho funsani kuti amapereka masiku angati oti mulongedze.

Tsopano tinene za Sharjah. Asuweni anu sakunama, lendi kumeneko ndi yotsikadi, ndipo kwa munthu amene ntchito yake ili ku Deira malangizowo ndi abwino, chifukwa Deira ili kufupi ndi malire a Sharjah. Koma mzinda wa Dubai unatambalala motsatira gombe la nyanja ngati chingwe, ndipo sukulu yanu ili kumapeto ena, makilomita oposa 30 kuchokera kumalireko. M'mawa uliwonse anthu ochuluka zedi amachoka ku Sharjah kulowa mu Dubai kudzera mu msewu wa Al Ittihad ndi wa Sheikh Mohammed bin Zayed, ndipo madzulo amabwerera onse pamodzi. Chaka changa choyamba chophunzitsa ku Dubai ndinkakhala ku Al Nahda, kufupi ndi malire omwewo, pamene sukulu inali mbali ina ya mzinda. Ndinkadzuka 4 koloko itangopitirira, ndinkabwerera kunja kutada nditanyamula chikwama cha makope osachonga, ndipo pofika Novembala ndinazindikira kuti ndayamba kukalipira ana pa zinthu zazing'ono zimene kale ndinkazipirira. Ndalama zimene ndinapulumutsa pa lendi zinapita ku mataxi a masiku amene ndachedwa, ndipo mtima wanga pantchito unachepa. Mphunzitsi safanana ndi wogwira ntchito mu ofesi amene angathe kuimba foni kuti afika mochedwa ndi mphindi 20. Sukulu zambiri zimafuna aphunzitsi afike cha m'ma 7 koloko, ana asanalowe, ndipo kalasi ya ana 25 singakhale yokha.

N'chifukwa chake ndimalangiza kuti kufunafuna nyumba kuyambire pageti la sukulu. Muyeso wake usakhale makilomita, koma mphindi zimene mungatenge pa nthawi yeniyeni imene muziyenda. Mukadzafika, dzatsegule mapu a pafoni Lachiwiri nthawi ya 6:30 m'mawa, kenako 4:30 madzulo, n'kuona kuti ulendo wochokera kudera limene mukuliganizira ukutenga nthawi yotani. Ejenti akakutengani Loweruka masana misewu ili pululu, adzakuuzani kuti ndi mphindi 10, ndipo pa tsikulo adzakhala akunena zoona. Ine malire anga ndi theka la ola kuchoka pakhomo kufika pageti, ndipo sindilangiza mphunzitsi watsopano kudutsa pamenepo.

Kwa sukulu ya ku Al Barsha South, madera amene aphunzitsi ambiri amayang'ana ndi Arjan, Jumeirah Village Circle imene anthu amangoti JVC, Dubai Sports City, Motor City, Al Barsha 1, Barsha Heights ndi Discovery Gardens. Kusiyana kwake kwakukulu ndi sitima ya Metro. Njanji yake yotchedwa yofiira (Red Line), imene inatsegulidwa pa 9 Seputembala 2009, imatsata msewu wa Sheikh Zayed, choncho Al Barsha 1 ili ndi siteshoni ya Mall of the Emirates, Barsha Heights ili pafupi ndi siteshoni ya Dubai Internet City, ndipo Discovery Gardens inalandira siteshoni yake njanjiyo italumikizidwa kupita kumalo a chionetsero cha Expo 2020. Arjan, JVC ndi Sports City zilibe Metro. Zili pafupi ndi sukulu yanu, nyumba zake zambiri n'zatsopano, koma mumadalira basi, taxi kapena galimoto, ndipo msewu wa Hessa umene umadutsa kumeneko umadziwika ndi kuthithikana kwa magalimoto. Musaike mtima pa kugula galimoto mwamsanga, chifukwa laisensi ya ku Malawi siyisinthidwa mwachindunji monga mmene amachitira ndi ya ku South Africa. Muyenera kulembanso mayeso kudzera kusukulu yoyendetsa galimoto, zimene zimadya ma dirham masauzande angapo, ndiponso kumeneko amayendetsa kudzanja lamanja la msewu. Funsani ngati sukulu ili ndi basi ya aphunzitsi ndi malo amene imaima, chifukwa njira ya basi imeneyo ikhoza kukusankhirani dera bwino kuposa ejenti aliyense. Mukanakhala kuti sukulu yanu ili ku Al Qusais kapena ku Mirdif, ndikanakuuzani zina, ndipo Al Nahda ya Dubai ngakhalenso Sharjah zikanakhala zoyenera kuziganizira.

Mawu akuti "pafupi ndi siteshoni" muwayese ndi mapazi anu. Mwina munafikako ku Nsanje kapena ku Ngabu mu Okutobala, koma kutentha kwa ku Dubai mu Ogasiti ndi Seputembala kumadutsa madigiri 40 ndipo kumabwera ndi chinyezi cha m'nyanja. Mumatuluka m'nyumba yozizira m'mamawa, magalasi a m'maso n'kuchita nthunzi nthawi yomweyo moti simuona njira, ndipo mukayenda mphindi 12 kupita pokwerera basi, bulauzi imene munasita usiku yamamatira kale kumsana musanaime pamaso pa ana. Ulendo wapansi umene ku Zomba simungauwerengere n'komwe, kumeneko umatha kukugwetsani mphwayi kwa miyezi inayi pachaka.

Kutentha komweku ndi kumene kumabisa ndalama ina imene alendo ambiri sayiona. Makina oziziritsa m'nyumba, amene aliyense amangoti AC, amalipiridwa m'njira zosiyanasiyana. M'nyumba zina zimene amalengeza kuti ndi chiller free, mwini nyumba ndi amene amalipira kuziziritsako. Mu zina makinawo amadya magetsi a pa bilu yanu ya DEWA, ndipo mu zinanso madzi ozizira amachokera ku kampani yapadera monga Empower kapena Emicool, imene imafuna dipoziti yakeyake ndiponso imalipiritsa ndalama yokhazikika ngakhale mutatseka nyumba n'kupita kutchuthi. Kwa mphunzitsi amene mu Julayi ndi Ogasiti amakhala ali kumudzi, ndalama yokhazikikayo ndi yolipirira nyumba yopanda munthu. Pa bilu ya DEWA pamabweranso msonkho wa nyumba wa 5 peresenti ya lendi ya pachaka, wogawidwa m'miyezi 12, ndiye pa chitsanzo chathu chija ndi ma dirham 250 mwezi uliwonse. Fulati ziwiri zolembedwa mtengo wofanana pa masamba a pa intaneti otsatsa nyumba monga Bayut, Property Finder kapena dubizzle zikhoza kusiyana ndi masauzande angapo pakutha pa chaka chifukwa cha zinthu zimenezi, ndipo inu monga mphunzitsi wa masamu simuvutika kuziika papepala musanasankhe.

Nthawi yoyendera nyumba ikadzakwana, musachite manyazi kukhala ngati mlendo wovuta, pajatu safunsa anadya phula. Yatsani AC n'kudikira mphindi zingapo kuti mumve ngati mukutuluka fungo la nkhungu, yang'anani madontho a chinyezi kudenga la kubafa, tsegulani kabati ya pansi pa sinki muone ngati muli mphemvu, ndipo mutsegule mipopi yonse. Imani pawindo muone ngati pafupi pali malo amene akumanga, chifukwa ntchito yomanga imayamba m'mawa kwambiri ndipo imachitika ngakhale Loweruka. Mlonda wa pakhomo la nyumbayo amadziwa zambiri kuposa ejenti, ndiye mupatseni moni bwino n'kumufunsa kuti chikepe chimawonongeka kangati, komanso kuti zinthu zinali bwanji pa 16 Epulo 2024, tsiku limene kunagwa mvula yamphamvu imene inamiza misewu ndi malo oimika magalimoto a pansi pa nyumba zambiri. Mubwererenso kuderalo usiku, nokha kapena ndi mphunzitsi mnzanu, kuti muone ngati njira yochokera pokwerera basi ili yowala ndiponso ngati mungakonde kuti mwana wanu azidutsamo. Tsiku lolandira makiyi, jambulani chipupa chilichonse, chitofu ndi matailosi osweka, n'kutumiza zithunzizo kwa mwini nyumba pa imelo, chifukwa mikangano yambiri ya dipoziti imabuka pa zinthu zimene munazipeza zili choncho.

Pa mapepala, onetsetsani kuti ejenti ali ndi khadi ya RERA, nthambi ya Dubai Land Department yoyang'anira za nyumba, ndipo nambala yake mungayitsimikize pa pulogalamu ya pafoni ya Dubai REST. Pemphani kuona chikalata cha umwini wa nyumbayo pamodzi ndi chitupa cha mwini wake, ndipo macheke a lendi muwalembe m'dzina limene lili pa chikalatacho. Ngati akufuna kuti mulembe dzina la munthu wina kapena la kampani, akuonetseni kalata yovomerezeka yopatsa munthuyo mphamvu. Werengani tsamba lowonjezera la mgwirizano, chifukwa ndi mmene amaikamo zolemetsa. Lamulo limaika udindo wokonza zowonongeka pa mwini nyumba pokhapokha mutagwirizana zina, ndipo migwirizano yambiri imati zokonza zosapitirira ma dirham 500 ndi za wochita lendi. Pemphani kuti alembemo ndime yonena zimene zidzachitike ntchito yanu ikatha chaka chisanathe. Eni nyumba ena amakana, koma ena amavomera, makamaka akaona kalata ya ntchito ya kusukulu.

Mukakhala ndi Ejari m'dzina lanu, lamulo limakutetezani kwambiri kuposa mmene alendo ambiri amaganizira. Mwini nyumba sangakweze lendi kapena kusintha mgwirizano popanda kukudziwitsani masiku 90 mgwirizanowo usanathe, pokhapokha munagwirizana nthawi ina. Kukwezako kuli ndi malire amene anaikidwa ndi lamulo la nambala 43 la chaka cha 2013: ngati lendi yanu ili pansi pa mtengo wa boma wa nyumba zotere ndi 10 peresenti kapena kucheperapo, sangakweze konse, ndipo kukweza kwakukulu kololedwa ndi 20 peresenti, pamene lendi yanu ili pansi ndi kuposa 40 peresenti. Akafuna kukutulutsani kuti agulitse nyumbayo kapena akhalemo yekha, ayenera kukupatsani chidziwitso cha miyezi 12 chodzera kwa notary public, amene ndi wotsimikizira zikalata mwalamulo, kapena pa kalata yolembetsedwa ku positi, osati uthenga wa pa WhatsApp. Mikangano imapita ku bwalo loweruza nkhani za lendi lotchedwa Rental Disputes Center. Dziwaninso kuti zonsezi ndi za Dubai yokha, chifukwa Sharjah ndi Abu Dhabi zili ndi malamulo awoawo a lendi.

Ejari yomweyi ndi imene ikukhudza banja lanu. Kuti muitanitse bambo a kunyumba ndi mwana pa viza yanu, akuluakulu olowetsa anthu m'dziko amafuna umboni wa pokhala, ndipo bedi la m'fulati yogawana ya sukulu silikwanira. Choncho ndondomeko imene ndikuona kuti ingakuyendereni ndi yakuti mukhale m'fulati ya sukulu mpaka nthawi yoyesedwa ithe, muzisunga ndalama zolowera m'nyumba mwezi ndi mwezi, ndipo muyambe kuyendera madera m'miyezi yozizira, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene munthu angathe kuyenda pansi n'kuona dera bwinobwino. Musanasaine kontirakiti ya ntchito, pemphani sukulu ilembe kuti mudzaloledwa kuchoka m'fulati yawo n'kuyamba kulandira alawansi pakati pa chaka kapena poyamba chaka chachiwiri, chifukwa lonjezo la pakamwa la ahedi limatha ahediwo akasintha ntchito. Funsaninso ngati mwana wanu adzapatsidwa malo pasukulu yomweyo ndi kuchotseredwa fizi, popeza akakaphunzira kwina mudzakhala ndi mageti awiri oti muwerengere mphindi zake m'mawa uliwonse. Setifiketi ya ukwati ndi ya kubadwa kwa mwana muzidinditse musananyamuke, ndipo munthu wa kusukulu woyendetsa mapepala a boma, amene amamutcha PRO, akuuzeni maofesi amene zidindo zake zikufunika. Poyerekeza malipiro, kumbukirani kuti ndalama ya pomaliza ntchito, imene ndi malipiro a masiku 21 pa chaka chilichonse m'zaka 5 zoyambirira, amaiwerengera pa malipiro enieni okha, alawansi ya nyumba osaiphatikizamo.

Simunafunse za tchalitchi ndi chakudya, koma ndikudziwa kuti pofika mwezi wachiwiri zidzakhala pamtima panu. Matchalitchi ku Dubai sali m'dera lililonse monga kwathu, anasonkhanitsidwa m'malo ochepa. Ku Oud Metha kuli St Mary's ya Akatolika ndi Holy Trinity, kumene mipingo yambiri imabwereka zipinda zopemphereramo, ndipo ku Jebel Ali kuli gulu lina la matchalitchi, kuphatikizapo St Francis of Assisi. Kwa munthu wokhala ku Al Barsha kapena Discovery Gardens, Jebel Ali ndi kufupi. Kuyambira mu Januwale 2022 masiku opuma ndi Loweruka ndi Lamulungu, Lachisanu n'kukhala theka la tsiku, choncho mudzatha kupemphera pa tsiku limene munazolowera. Ufa wa chimanga umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa ku Deira, komwe asuweni anu amafikira, ndipo kuchoka ku Mall of the Emirates mumangokwera njanji yofiira mpaka siteshoni ya Union. Thumba limodzi limakwana masabata angapo, ndiye ulendo umenewo mungauyende Loweruka limodzi pamwezi, n'kukaonana ndi a kwathu amene abwera kudzapikula katundu, kenako n'kubwerera madzulo kunyumba imene ili pafupi ndi kalasi yanu.